Kubweza Kwawo Anthu Okanidwa Chitetezo cha Othawa Kwawo: Udindo wa Nthambi ndi Mabungwe m'Dziko la South Africa

Nthawi ndi nthawi Amalawi amafika pa zipata za Mwanza ndi Dedza, ngakhalenso pa mabwalo a ndege a Kamuzu ndi Chileka, atabwezedwa kuchokera ku South Africa. Ambiri mwa iwo amakhala kuti adapitiriza masiku amene adaloledwa kukhala m'dzikolo kapena adalowa opanda ziphaso. Ena ndi anthu amene adapempha chitetezo ngati othawa kwawo, natenga pepala limene ambiri amangolitcha asailamu, koma pempho lawo lidakanidwa. Abale otsala kumudzi amangomva kuti uje wagwidwa ku Joni, ndipo ena amagulitsa mbuzi, chimanga kapena mpamba wa geni yawo kuti atumize ndalama kwa munthu wowalonjeza kuti amutulutsa.

Ntchito yobweza munthu wokanidwa chitetezo sigwiridwa ndi ofesi imodzi. Imadutsa m'manja mwa nthambi zingapo za boma, mabwalo a milandu, ofesi ya kazembe ndi mabungwe a mayiko, ndipo aliyense mwa amenewa ali ndi mbali yake komanso malire amene sayenera kudumpha. Wodziwa ndondomekoyi amadziwa khomo loyenera kugogoda, ndipo sapusitsidwa msanga ndi akathyali.

Kodi wothawa kwawo ndani pamaso pa lamulo?

Maziko a nkhaniyi ndi pangano la mayiko lokhudza othawa kwawo limene lidavomerezedwa mumzinda wa Geneva m'chaka cha 1951 ndi kuwonjezeredwa mu 1967. Panganoli limati wothawa kwawo ndi munthu amene ali kunja kwa dziko lake chifukwa cha mantha enieni oti akazunzidwa pa chimodzi mwa zifukwa zisanu: mtundu wake, chipembedzo chake, dziko limene ndi nzika yake, gulu la anthu limene iye ali, kapena maganizo ake pa ndale. Mayiko a mu Africa adakulitsa tanthauzoli m'pangano lawo la ku Addis Ababa mu 1969, poonjezerapo anthu othawa nkhondo, ulamuliro wa adani ochokera kunja ndi zipolowe zosokoneza kwambiri bata m'dziko.

Umphawi, njala, chilala, ngongole ndi kusowa ntchito, ngakhale ndi mavuto aakulu, sizili pa mndandanda wa zifukwazi. N'chifukwa chake munthu amene wauza ofisala kuti adabwera kudzafuna ganyu kapena kudzachita malonda, pempho lake limakanidwa.

Ndime 33 ya pangano la 1951 imaletsa dziko lililonse kubwezera munthu kumalo kumene moyo wake kapena ufulu wake ungakhale pachiswe. Dziko la South Africa lidavomereza panganoli mu 1996, ndipo lidaika chiletso chimenechi m'ndime 2 ya lamulo lake la othawa kwawo, Refugees Act, la chaka cha 1998. Tanthauzo lake ndi lakuti munthu amene pempho lake likuunikidwabe, kapena amene apilo yake sinagamulidwe, sayenera kubwezedwa. Kubweza kumayamba pokhapokha njira zonse za lamulo zitatha.

Unduna wa za m'dziko: kumene chigamulo chimayambira

Udindo woyamba uli m'manja mwa unduna woona za m'dziko wa South Africa, wodziwika ndi dzina lakuti Home Affairs. Munthu amene wanena pa chipata kuti akufuna chitetezo amapatsidwa chilolezo cha masiku asanu kuti akafike ku ofesi yolandira othawa kwawo. Maofesi amenewa ali ku Pretoria, Musina, Durban, Gqeberha ndi Cape Town. Akalembetsa amalandira chilolezo chongoyembekezera, choperekedwa motsatira ndime 22 ya lamulo lija. Chilolezochi sichitanthauza kuti munthuyo wavomerezedwa. Chimangosonyeza kuti nkhani yake ili m'kati, ndipo chimayenera kuwonjezeredwa masiku chisanathe mphamvu. Kulembetsa ndi kuwonjezera masiku n'kwaulere.

Pambuyo pake munthuyo amafunsidwa mafunso ndi ofisala wogamula mapempho a othawa kwawo. Ofisalayu angathe kuvomera pempholo, kulikana ponena kuti zifukwa zake n'zosakwanira, kapena kulikana ponena kuti n'lopanda maziko poyera, n'lachinyengo, kapena likungogwiritsa ntchito lamulo molakwika. Chigamulo chokana chiyenera kuperekedwa m'kalata yofotokoza zifukwa zake. Kalatayi ndi yofunika kuisunga bwino, pakuti mawu amene alembedwamo ndiwo amasonyeza kumene nkhaniyo ipite.

Mabungwe awiri ounikanso chigamulo

Lamulo lidakhazikitsa mabungwe awiri amene amagwira ntchito moima paokha poona ngati ofisala sadalakwitse.

Loyamba ndi komiti yotchedwa Standing Committee for Refugee Affairs. Pempho likakanidwa kuti n'lopanda maziko poyera kapena n'lachinyengo, limapita ku komitiyi popanda mwiniwake kuchita apilo. Iye amaloledwa kulemba kalata yofotokoza mbali yake. Komitiyi ingathe kugwirizana ndi ofisala kapena kuthetsa chigamulo chake.

Lachiwiri ndi bungwe lomva maapilo la Refugee Appeals Authority. Pempho likakanidwa kuti zifukwa zake n'zosakwanira, mwiniwake ndiye ayenera kuchita apilo ku bungweli. Malamulo amene adayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2020 adafupikitsa nthawi yochitira apilo kufika pa masiku 10. Wozengereza amataya mwayi wake, pokhapokha atapereka chifukwa chomveka chimene adachedwera.

Maapilo adaunjikana kwa zaka zambiri, moti mu Marichi 2021 unduna wa Home Affairs ndi bungwe la UNHCR adasainirana pangano lothandizana kumaliza nkhani zoposa 150,000 zimene zidali zisanagamulidwe. Ichi n'chifukwa chake anthu ena akhala zaka zambiri akungowonjezera masiku pa chilolezo chawo, mpaka kuyamba kuganiza kuti adavomerezedwa, pamene chigamulo chenicheni chidakali m'njira.

Mabwalo a milandu

Munthu amene wakanidwa ndi mabungwe awiriwa angathe kupempha bwalo lalikulu la milandu kuti liunike ngati chigamulocho chidapangidwa motsata lamulo ndi mwachilungamo. Lamulo la chaka cha 2000 lokhudza chilungamo m'zigamulo za maofesi a boma limapereka masiku osapitirira 180 ochitira zimenezi. Kawirikawiri bwalo likapeza cholakwa limabwezera nkhaniyo ku bungwe loyenera kuti liyimvenso.

Bwalo lalikulu kwambiri m'dzikolo, loona za malamulo oyendetsera dziko, lidapereka zigamulo ziwiri zimene zidasintha kayendetsedwe ka ntchitoyi. Mu Juni 2017, pa mlandu umene bungwe la Lawyers for Human Rights lidasumira nduna ya za m'dziko, bwalolo lidagamula kuti munthu womangidwa n'cholinga choti abwezedwe kwawo ayenera kuonekera yekha pamaso pa woweruza asanathe maola 48. Mu Disembala 2018, pa mlandu wa nzika ina ya ku Rwanda wodziwika ndi dzina lakuti Ruta, bwalolo lidati kuchedwa kupempha chitetezo pakokha sikuchotsera munthu ufulu woti pempho lake limvedwe.

Amene alibe ndalama zolipira loya angathe kufunsa thandizo ku Legal Aid South Africa, bungwe la boma lothandiza osauka pa milandu, kapena ku mabungwe omwe si aboma monga Lawyers for Human Rights ndi Scalabrini Centre ya ku Cape Town.

Maofisala oona za olowa ndi kutuluka, apolisi ndi oyang'anira zipata

Njira zonse zikatha, munthu wokanidwayo amachoka pansi pa lamulo la othawa kwawo n'kulowa pansi pa lamulo la olowa ndi kutuluka m'dziko, Immigration Act, la chaka cha 2002. Kuyambira pamenepo amatengedwa ngati mlendo wokhala m'dziko mosaloledwa, ndipo ndime 32 ya lamulolo imamulamula kuti achoke. Nthawi zina amapatsidwa kalata yomuuza tsiku limene ayenera kukhala atatuluka yekha. Akapanda kutero, ndime 34 imapatsa maofisala a nthambi yoona za olowa ndi kutuluka mphamvu yomumanga, kumusunga ndi kumutulutsa m'dziko, zimene ambiri amazitcha kudipotedwa.

Maofisalawa ali ndi udindo womudziwitsa munthuyo m'kalata kuti aganiza zomubweza, komanso kuti ali ndi ufulu wodandaula pa ganizolo. Ayeneranso kumuuza za ufulu wake m'chilankhulo chimene amamva, ngati n'kotheka. Nthawi yosunga munthu ili ndi malire: masiku 30 poyamba, ndipo bwalo lokha ndilo lingawonjezere masiku ena osapitirira 90. Choncho palibe amene ayenera kusungidwa kupitirira masiku 120 podikira ulendo. Lamulo limalolanso boma kulamula wobwezedwayo kuti apereke ndalama zothandizira pa ulendo wake.

Apolisi ali ndi mphamvu yofunsa munthu aliyense ziphaso zake, ndi kumusunga kwa maola osapitirira 48 pamene akufufuza ngati ali m'dziko movomerezeka. Koma apolisi sagamula zoti munthu abwezedwe, ndiponso alibe mphamvu yofafaniza chigamulo cha Home Affairs. Wonena kuti ndalama zoperekedwa kwa wapolisi zithetsa nkhani akunama, ndipo kupereka chiphuphu ndi mlandu wina pawokha.

Pa zipata za dziko, monga Beitbridge ndi bwalo la ndege la OR Tambo ku Johannesburg, pali bungwe la Border Management Authority, limene lidayamba kugwira ntchito moima palokha pa 1 Epulo 2023. Bungweli ndilo limaona ziphaso za otuluka ndi olowa, kulemba m'kaundula kuti munthu watuluka, ndi kubweza pomwepo amene adaletsedwa kulowanso.

Malo osungira a Lindela

Anthu ambiri odikira kubwezedwa amasungidwa pa malo otchedwa Lindela, pafupi ndi tauni ya Krugersdorp m'chigawo cha Gauteng. Malowa adatsegulidwa mu 1996. Si ndende ya anthu ogamulidwa milandu, koma ndi malo odikirira pamene ziphaso ndi mayendedwe zikukonzedwa. Udindo wa anthu osungidwa kumeneko uli pa Home Affairs, ngakhale kuti ntchito za chitetezo, chakudya ndi chisamaliro zakhala zikuperekedwa kwa makampani olembedwa ntchito ndi boma.

Bungwe la boma loona za ufulu wa anthu m'dzikolo, South African Human Rights Commission, limayendera malowa. Mu 2014 bwalo lalikulu la ku Johannesburg, pa mlandu umene bungweli lidasuma, lidagamula kuti kusunga anthu ku Lindela kupitirira masiku 120 n'kuphwanya lamulo. Wosungidwa amene masiku ake apitirira, kapena amene sadaonekere pamaso pa woweruza, angathe kudandaula ku bungweli kapena kwa loya.

Ana amene ali okha, opanda kholo kapena wowayang'anira, sayenera kusungidwa pamodzi ndi akuluakulu podikira kubwezedwa. Nkhani zawo zimayendetsedwa ndi unduna woona za chisamaliro cha anthu ndi bwalo la ana, motsatira lamulo la ana la chaka cha 2005, ndipo asanabwezedwe pamafunika kufufuza kumene abale awo ali. Anthu amene adazembetsedwa ndi kugwiritsidwa ntchito ngati akapolo alinso ndi chitetezo chapadera pansi pa lamulo la chaka cha 2013 lolimbana ndi mchitidwewu.

Ofesi ya kazembe wa dziko la kwawo

Dziko silingabweze munthu popanda dziko lina lomulandira. Apa ndi pamene ofesi ya kazembe imalowerapo. Kwa Amalawi, ntchitoyi imagwiridwa ndi ofesi ya kazembe ku Pretoria ndi ofesi yoimira Malawi ku Johannesburg, zimene zili pansi pa Unduna wa Zakunja. Maofisala ake amatsimikizira kuti munthuyo ndi Mmalawi ndithu, pomufunsa dzina, mudzi, mfumu ndi boma la kwawo, ndi kuona chitupa cha unzika kapena pasipoti ngati zilipo. Akakhutira amamupatsa chikalata choyendera chapangozi, chimene chimagwira ntchito pa ulendo wobwerera kumudzi wokha.

Pangano la ku Vienna la chaka cha 1963 limapatsa mlendo aliyense womangidwa ufulu woti kazembe wa dziko lake adziwitsidwe, ngati iye afuna. Komabe nkhani ya wopempha chitetezo ili ndi chinsinsi chake. Lamulo la South Africa limalamula kuti zonse zimene munthu adanena popempha chitetezo zisungidwe mwachinsinsi, ndipo kazembe sayenera kuuzidwa zimenezo. Chimene kazembe amafunsidwa ndi unzika wa munthuyo basi.

Kazembe alibe mphamvu yosintha chigamulo cha dziko limene akukhalamo, kutulutsa munthu m'chitokosi, kapena kumupezera chilolezo chogwirira ntchito. Angathe kumuyendera, kuona mmene akusungidwira, kufulumizitsa zikalata ndi kuthandiza kuti abale adziwe kumene ali. Anthu amene adalembetsa dzina labodza kapena dziko labodza amakhalitsa ku Lindela, popeza palibe kazembe amene angawavomere msanga.

UNHCR ndi IOM

Mabungwe awiri a United Nations amatchulidwa kawirikawiri pa nkhaniyi, ndipo anthu ambiri amasokoneza ntchito zawo.

Bungwe la UNHCR, limene lidakhazikitsidwa mu 1950, limateteza othawa kwawo ndi kuona ngati mayiko akutsata pangano la 1951. Ku South Africa siligamula mapempho. Ntchito imeneyo ndi ya boma. Munthu akakanidwa pambuyo pa ndondomeko yachilungamo, sakhalanso pansi pa chisamaliro cha bungweli, ndipo bungweli silinyamula anthu obwezedwa mokakamiza.

Bungwe la IOM, loona za anthu osamuka, lidayamba mu 1951 ndipo lidalowa m'banja la United Nations mu 2016. Lili ndi maofesi ku Pretoria ndi ku Lilongwe. Limathandiza anthu amene asankha okha kubwerera kwawo koma alibe njira: kuwapezera zikalata mogwirizana ndi kazembe, kuwalipirira ulendo, kuwayeza ngati ali ndi thanzi loyenda, ndipo nthawi zina kuwapatsa thandizo loyambira moyo watsopano. Thandizoli limadalira ndalama zimene zilipo, ndipo patsogolo pamakhala odwala, ana, ndi anthu amene adazembetsedwa. IOM sitenga nawo mbali pa kubweza munthu mokakamiza.

Kusiyana kwa kubwerera wekha ndi kubwezedwa

Njira ziwirizi zimathera kumudzi komweko, koma zotsatira zake n'zosiyana. Wochoka yekha amakhala ndi mpata wotolera malipiro ake, kugulitsa kapena kutumiza katundu wake ndi kutsanzika. Wobwezedwa mokakamiza nthawi zambiri amafika ndi zovala zokhazo zimene adagwidwa nazo.

Ndime 29 ya lamulo la 2002 imaika munthu amene adabwezedwapo m'gulu la oletsedwa kulowa m'dziko, mpaka mkulu wa Home Affairs atamuchotsera chiletsocho. Kwa amene wangopitiriza masiku n'kutuluka yekha, malamulo a chaka cha 2014 amati wopitiriza masiku osaposa 30 aletsedwe kwa chaka chimodzi, wobwereza cholakwacho zisanathe zaka ziwiri aletsedwe kwa zaka ziwiri, ndipo wopitiriza masiku oposa 30 aletsedwe kwa zaka zisanu. Amalonda opikula katundu ku Johannesburg ndi Durban ayenera kukumbukira kuti Mmalawi wokhala ndi pasipoti amaloledwa masiku 30 popanda viza, ndi kuti masiku amenewa ndi ochezera ndi kugula katundu, osati olowera ntchito.

Akafika ku Malawi

Oyenda pa basi amadutsa pa Beitbridge kulowa mu Zimbabwe, n'kutulukira pa Nyamapanda kulowa mu Mozambique, kuwoloka Zambezi pa Tete, mpaka kufika pa Mwanza kapena Dedza. Chifukwa cha ichi mayiko odutsamo nawo amayenera kuvomereza zikalata za apaulendowo.

Ndime 39 ya malamulo oyendetsera dziko la Malawi imapatsa munthu ufulu wotuluka m'dziko ndi kubwereramo. Pa chipata, Nthambi Yoona za Olowa ndi Kutuluka komanso Unzika imatsimikizira unzika wa ofikawo ndi kuwalemba m'kaundula. Ogwira ntchito za umoyo amaona odwala, ndipo amene amamwa mankhwala a chifuwa chachikulu kapena otalikitsa moyo ayenera kunena msanga kuti mankhwala asadukize. Ofesi yoona za chisamaliro cha anthu m'boma lililonse imathandiza ana ndi ena ofunika chisamaliro chapadera kuti akafike kwa abale awo. Anthu akabwera ochuluka nthawi imodzi, monga zidachitikira mu Epulo 2015 pamene boma lidatumiza mabasi kukatenga Amalawi othawa ziwawa zochitira alendo ku Durban, nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi nayo imathandiza.

Dziko la Malawi limaidziwa nkhaniyi mbali zonse ziwiri. Lidasunga anthu pafupifupi miliyoni imodzi othawa nkhondo ya ku Mozambique, amene adabwerera kwawo pambuyo pa pangano la mtendere la chaka cha 1992. Lero likusunga anthu oposa 50,000 pa msasa wa Dzaleka m'boma la Dowa, ambiri ochokera ku Democratic Republic of Congo, Burundi ndi Rwanda, ndipo mapempho awo amaunikidwa motsatira lamulo la othawa kwawo la chaka cha 1989. Chiletso chobwezera munthu kumene akazunzidwa chimamanga Malawi monga momwe chimamangira South Africa.

Zoyenera kukumbukira abale otsala kumudzi

Mbale akagwidwa, chofunika choyamba ndi kudziwa kumene akusungidwa, tsiku limene adamangidwa, ndi ngati waonekera pamaso pa woweruza. Chachiwiri ndi kudziwa ngati pempho lake kapena apilo yake idakali m'kati, pakuti ngati zili choncho ayenera kusonyeza chilolezo chake ndi kupempha loya. Chachitatu ndi kutumiza ku ofesi ya kazembe zithunzi za chitupa cha unzika kapena pasipoti yake, kudzanso dzina la mudzi ndi mfumu, kuti chikalata choyendera chituluke msanga.

Palibe ejenti, dalaivala wa basi kapena munthu wa pa WhatsApp amene ali ndi mphamvu yogulitsa asailamu, kufafaniza dzina m'kaundula wa oletsedwa, kapena kutulutsa munthu ku Lindela. Chikalata chogula m'njira zotere n'chabodza, ndipo wopezeka nacho amayankha mlandu wachinyengo asanabwezedwe. Akuluakulu adati safunsa adadya phula: asanagulitse chiweto kapena zokolola, abale ayambe afunsa ku ofesi yoona za olowa ndi kutuluka imene ili pafupi nawo, ku Lilongwe, Blantyre kapena Mzuzu, kapena ku Unduna wa Zakunja.